Mtsikana Wogona ndi Nsapato

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndikufuna ndikuuzeni za lonjezo limene ndinaswa. Limandiwawabe, koma zitachitikanso ndingaswenso.

Inali holide ya Ogasiti, mphepo ya ku Dedza isanatheretu. Mpingo wathu unabwereka sukulu ina yogonera konko n'kusonkhanitsa atsikana ochokera m'makomo mopanda mtendere: ena omenyedwa, ena amasiye osandutsidwa antchito, ena amene nkhani zawo amayi a mpingo ankangonong'onezana. Masiku asanu basi. M'mawa phala ndi mapemphero, masana fulaye, mpira wamanja ndi kusoka, madzulo kuimba. Ine anandipatsa chipinda cha atsikana 12.

Usiku woyamba ndikuyendera ana, ndinaona mmodzi wa zaka 13 atagona ndi nsapato kumapazi.

"Iwe, vula nsapatozo, udetsa bulangete."

"Ndinazolowera, anti."

Ndinaseka n'kupitirira. Ndinkayesa ndi nkhani ya kuzizira.

Usiku wachitatu ananditsatira kumpopi. "Anti, ndikuuzeni kanthu, koma mulonjeze kuti simuuza munthu." Ine osaganiza n'komwe ndinati, "Ndalonjeza." Ndiye anayamba. Amayi ake amadzuka mbandakucha kukapikula tomato. Chitseko chikangotsekeka, bambo omupeza amalowa kuchipinda kwake. Nsapato zija ndi zoti akamva mgugu athawe msanga, akabisale kubafa kwa aneba mpaka kuyere. Masiku ena amathawa bwino. Masiku ena ayi.

Chimene chinandilasa kwambiri n'chakuti masana a tsiku lomwelo ine ndinali nditawaphunzitsa za kukhululuka, ndi mawu okoma zedi. Ndiye anandifunsa: "Anti, ndikawakhululukira, ndiye kuti Loweruka ndibwerere komwe kuja?"

Inu, mukanayankha chiyani?

Sindinagone. Ndinkakumbukira nkhani ya Tamara ya pa 2 Samueli 13, imene sitiimva kawirikawiri paguwa. Mwana wa mfumu anagwiriridwa ndi mlongo wake Amnoni. Abisalomu anamuuza kuti akhale chete, ndipo Davide anakwiya koma sanachitepo kanthu. Ndinadzifunsa kuti pakati pa anthu amenewa ine ndikhala ndani.

Kutacha ndinamuuza mwanayo kuti lonjezo lija sindingalisunge, n'kumufotokozera chifukwa chake. Kenako ndinapita kwa amayi otsogolera msonkhano, namwino wopuma pantchito. Tinakhala pansi anthu anayi. Mayi wina anati, "Tiyitane amalume ake, zithere pabanja. Za kupolisi zichititsa manyazi mpingo, komanso akamangidwa bamboyo anawo adya chiyani?" Musawaweruze msanga mayiwo. Funso la chakudyalo ndi lenileni, ndipo ndi limene latseka pakamwa amayi ambiri. Koma amayi otsogolera anangoti, "Amayi, manyazi a mpingo sagona ndi nsapato. Mwanayu ndiye akugona nazo."

Tinaimba 116, nambala yaulere yothandiza ana, ndipo anatilangiza kuti tisazengereze. Tinapita ku Victim Support Unit ya apolisi, kenako kuchipatala, ndipo a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu anafunafuna wachibale wodalirika woti asunge mwanayo. Apo m'pamene ndinaphunzira zinthu zimene aliyense wogwira ntchito ndi ana ayenera kudziwa. Mwana akagwiriridwa, mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, choncho kudikira "mkumano wa akuluakulu" kumawononga nthawi. Dziko lathu lili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kugwiririra mwana si nkhani yothera pansi pa mtengo ndi mbuzi kapena nkhuku.

Tili m'galimoto mwanayo sanandiyang'ane. Potsika anangoti, "Anti, ndinu abodza." Mawu amenewo ndimayenda nawo mpaka lero. Ananena zoona, koma bodza langa linali la kumpopi kuja, polonjeza chinthu chimene munthu wamkulu sayenera kulonjeza. Masiku ano mwana akayamba ndi "mulonjeze," ndimamuuza kuti: ndikumvetsera, ndikukhulupirira, sindilengeza kwa anthu, koma ngati wina akukupweteka ndiuza okhawo amene angakuteteze.

Misonkhano yotereyi ndimaikondabe. Kwa masiku asanu mwana amadya katatu, amagona chitseko chokhoma, amaseka osayang'ana kumbuyo. Ena amamva koyamba kuti zimene zinawachitikira si mlandu wawo. Koma tisadzinamize. Msonkhano umatha Loweruka, minibasi imabwera, ndipo aliyense amabwerera kumene anachokera. Ngati mpingo sukonza zoti amayi awiri kapena atatu aziyendera anawo chaka chonse, ngati sitifufuza bwino anthu amene tikuwapatsa zipinda za ana, ngati tikuphunzitsa kukhululuka osatchula chitetezo ndi chilungamo, ndiye kuti tangowapatsa tchuthi. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo wako sumusamala sabata imodzi pachaka.

Chaka chotsatira mtsikana uja anabweranso, akuchokera kwa azakhali ake. Masiku awiri oyamba sanandipatse moni, ndipo sindinamukakamize. Usiku wachitatu ndikuyendera zipinda ndinapeza nsapato zake zili pakhomo pamodzi ndi za anzake. Ndinaima pamenepo kanthawi, kenako n'kuzimitsa magetsi.

Atsikana 11 ena aja anakwera minibasi tsiku lija akundibayibitsa, ndipo palibe amene ananditsatira kumpopi. Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina sindinayang'ane mokwanira. Inuyo kwanuko, ku Sande sukulu, m'kalasi kapena kwa aneba, yang'anitsitsani. Ndipo mwana akakuuzani, chonde musayambe ndi funso loti anthu ati chiyani.