Pansi pa Nyanja ya Malawi Pali Dziko Lina

Anthu a ku Shimabala, pakati pa Chilanga ndi Kafue, amadziwa mtsinje wa Kafue pamwamba pokha. Pansi pake ndi kwa ng'ona ndi mvuu, ndipo palibe munthu wanzeru amene angaloweko mwadala. Komatu ulendo wa masiku awiri kucokera pamenepo umafikitsa munthu kumalo kumene alendo amalipira ndalama kuti akaone za pansi pa madzi.

Njira yake ndi yodzera mu Lusaka, kutsata Great East Road, kuoloka mlatho wa Luangwa, kupyola Chipata ndi malire a Mwami kufikira ku Lilongwe. Kucokera kumeneko mseu umatsikira ku Monkey Bay ndi kumudzi wa Chembe ku Cape Maclear, dzina limene David Livingstone anapatsa malowa m'caka ca 1861.

Ku magombe a Mozambique ndi Tanzania, osambira pansi pa madzi amapita kukaona korali, ndiwo matanthwe omangidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi ofunda amcere. M'Nyanja ya Malawi mulibe mcere, motero korali mulibenso. M'malo mwake muli miyala ikuluikulu yozungulira zilumba za Thumbi ndi Domwe, ndipo pakati pa miyalayo ndi pamudzi wa mbuna.

Wofuna kutsikirako amabereka botolo lacitsulo lodzaza mpweya, navala galasi kumaso ndi zopalasira kumapazi. Kacipangizo kopumira kamene amaluma pakamwa kanapangidwa ndi Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan mu 1943. Wongophunzira kumene saloledwa kupitirira mamita 18, ngakhale nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 ca kumpoto. Malamulo akulu ndi awiri: osagwira mpweya m'cifuwa, ndiponso osathamangira potulukira pamwamba, cifukwa mpweya umafutukuka munthu akamakwera ndipo ungathe kuvulaza mapapo.

Akafika pansi, mlendo amazingidwa ndi mbuna zobiriwira, zacikasu ndi zamizeremizere, zilikudya ndere pamiyala. Mbuna yaikazi imafungatira mazira, kenaka tiana take, m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu, osadya kanthu. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Pa cifukwa cimeneci Boma la Malawi linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse mu 1984.

Koma cuma cimeneci sicidzisunga cokha. Akatswiri ofufuza anapeza kuti pamene makoka anacepetsa nsomba zodya nkhono pa gombe la Chembe, nkhono zofalitsa likodzo zinaculuka, ndipo nthendayo inakula pakati pa anthu. Cimene cinaonongeka pansi pa madzi cinatulukira m'matupi a ana a m'mudzi.

Pamenepa ndi pamene pali phunziro kwa anthu a m'mbali mwa Kafue. Mtsinje umenewu umamwetsa mzinda wa Lusaka, umapukusa makina a magetsi ku Kafue Gorge, ndiponso umadyetsa mabanja a asodzi. Pa 18 February 2025 damu la zotayidwa za mgodi linasweka ku Chambishi, ndipo madzi a asidi anatsikira mu Kafue napha nsomba zosawerengeka.

Ku Cape Maclear madzi ndi oyera, kotero kuti cinthu cikaonongeka anthu amaciona ndi maso. Pansi pa Kafue palibe mlendo wovala galasi wodzacitira umboni. Ndiye cifukwa cake asodzi, mafumu, eni migodi ndi akuluakulu a Boma ayenera kuusamala mtsinjewu nsomba zisanayandame.