Nyimbo: makina a CD kapena a DVD?

Anzanga amene mudakali ndi mulu wa ma CD m'kabati, mugule makina a CD okhaokha kapena a DVD omwe amaimba zonse?

CD inatuluka mu 1982, ntchito ya Sony ndi Philips, pomwe DVD inabwera mu 1996. Makina a DVD amawerenga CD bwinobwino, koma anapangidwira mafilimu. Pa otchipa aja, wopanga amalimbikira chithunzi, mbali ya mawu imangolandira zotsala. Ukaika chimbale amayamba azengereza kaye, kufufuza kuti ndi chamtundu wanji, pomwe a CD sachedwa kuyamba kuimba. Ena alibe ndi kagalasi komwe koonetsa nambala ya nyimbo, ndiye kuti upeze nyimbo yachisanu mpaka uyatse TV. Rimoti ikasowa, zako zada.

Komabe tisanamizane. Ngati mawu akuchoka pa chingwe cha optical kapena coaxial kupita ku ampulifaya, ntchito yosandutsa manambala kukhala mawu ikuchitikira mu ampulifayamo. Pamenepo makutu ambiri sangasiyanitse. Ndipo masipika akakhala ofooka, ngakhale makina odula chotani sangakupulumutseni.

Kwa ine, masipika kaye. Amene muli ndi DVD kale, sungani ndalama zanu. Koma ngati mumakonda kumvera chimbale chonse TV ili chizimire, gulani a CD, ngakhale ogwirapo kale ntchito. Musanalipire, ayeseni ndi chimbale chanu chokandika pang'ono, mumve ngati sakudumpha.