Ku Utale m'Dzuwa la Okutobala

Pa depoti ya Balaka anyamata a kabaza amakuzungulira usanatsitse mwendo wachiwiri m'minibasi. Nditatchula Utale, mmodzi anafunsa msangamsanga: "Wani kapena Thuu, bwana?" Ndinati konse. Tinanenerera mpaka kugwirizana K9,000, iye akudandaula za petulo wa m'zigubu, ine ndikudandaula za m'thumba.

Phula linatha tisanapite patali. Kuchokera pamenepo ndi fumbi lokhalokha, ulendo wa makilomita oposa 20 kulowera kummwera, m'dziko lathyathyathya la milambe ikuluikulu yopanda tsamba ndi minda youma imene mwina mwake munali mutatsalira zitsa za thonje. Fumbi linkalowa m'mano, ndipo msana unkawerenga dzenje lililonse. Tinkadutsa njinga zakapalasa zosenza matumba a makala, amayi a zidebe pamutu, ndi ana opita kusukulu ataphimba kumaso ndi makope. Chakufupi ndi Nkaya kunamveka kulira kwa sitima, kenako mabogi a malasha anayamba kudutsa mondondozana, akuda bii, ochuluka moti munthu umatopa kuwatsata ndi maso. Malashawo amachokera ku Moatize ndipo amapita kudoko la Nacala. Mnyamata wanga wa kabaza sanacheuke n'komwe.

Mtsinje wa Rivirivi ndinaupeza uli mchenga, madzi akuyenda pang'ono chakumbali. Amayi ankachapa, ndipo m'mphepete munali timadimba ta mpiru ndi tomato totchinga ndi minga. Ukauona chonchi sungaukhulupirire. Komatu ndi womwewu umene mu Januwale 2003 unakokolola mlatho wa njanji, sitima n'kuleka kudutsa kwa nthawi yaitali. Anthu a kuno amaudziwa pawiri: m'chilimwe amaukumba kufuna madzi, m'dzinja amauthawa.

Pa kamsika ka Utale pankanunkhira utaka wokazinga ndi mafuta a chiwaya. Mandasi anali K200 limodzi, mulu wa tomato K500, kapaketi ka madzi a malambe kozizira K100. Ndinagula tiwiri n'kumwera pomwepo. Mayi wogulitsayo anavala mpango wa Chisilamu, ndipo mnzake woyandikana naye, wa tomato, anavala chitenje chokhala ndi chithunzi cha Amayi Maria. Wa tomatoyo atachoka kukatunga madzi, wa malambe ndiye ankamugulitsira, ndalama n'kumaziika payokha pansi pa mbale. Palibe amene anaona chachilendo pamenepo kupatula ine mlendo.

Mishoni ya Utale ndi imodzi mwa zakale kwambiri za Akatolika m'dziko muno. Ansembe a chipani cha Montfort, amene anayamba ntchito ku Nzama ku Ntcheu mu 1901, anafika kuno mu 1908, njanji ya ku Salima isanadutse, pakuti iyo inatsegulidwa mu 1935. Lero maparishi a Utale 1 ndi Utale 2 ali mu Dayosizi ya Mangochi, imene inakhazikitsidwa mu 1973. Ngakhale boma lenilenilo lasintha anthu ali pompano: akuluakulu ena pokamba amanenabe kuti kwawo ndi ku Machinga, chifukwa Balaka anakhala boma payekha mu 1998.

M'tchalitchi cha Utale 1 munali kazizirira kamene sindinakapeze pena paliponse tsiku limenelo. Munkamveka fungo la makandulo ozima ndi la fumbi lonyowetsedwa, chifukwa amayi anayi ankasesa atawaza madzi pansi. Mmodzi ankayimba chapansipansi, ena n'kumavomera osaweramuka. Ng'oma zitatu zinali pakona, zikopa zake zitayera pakati chifukwa cha manja. Mayi wina wachikulire anandiuza kuti sabata imeneyo inali ya mphakati wawo kusesa, ndipo anabwera wapansi kuchokera kumudzi wa kutali ndithu, atayamba walima m'mamawa. Ndinamufunsa ngati sizimulemera. Anaseka, nati kumunda amalimira mimba, ndipo akalephera kubwera kuno sabata yonseyo imamuyendera mokhota.

Ulendo wanga weniweni unali wa ku Utale 2. Dzina la malowa linkamveka m'dziko lonse chifukwa cha chinthu chimodzi: khate. Kuno amishoni anatsegula malo osungirako ndi kuchiritsirako odwala nthendayi, m'masiku amene munthu akaoneka ndi mawanga akhungu osamva kutsina ankamangiridwa kakhumbi kunja kwa mudzi, mbale yake n'kukhala yakeyake. Anthu ankabwera kuchokera m'maboma akutali, ena ataperekezedwa, ena atathamangitsidwa. Ambiri atachira sanabwerere. Akanabwerera kwa yani? Anamanga pompano, anakwatirana, anabereka ana opanda banga, ndipo adzukulu awo ndi amene ndinawaona akusewera mpira wachikulunga pabwalo.

Pakhonde la nyumba ina ya njerwa zootcha ndinapeza agogo aamuna atakhala pampando wa ndalema, mapazi atawakulunga ndi nsalu zoyera. Ndinagwada n'kupereka moni. Anatambasula dzanja. Zala panalibe.

Ndinaligwira, ndipo linali lofunda ndi louma, lolimba ngati dzanja la mlimi aliyense. Pamwendo pawo panali kolona ya mikanda yamtengo, yakale moti inachita kunyezimira. Ndinaona mmene amaiyendetsera: amaigoneka pabondo, n'kupanikiza mkanda umodzi ndi chikhatho, akatha pemphero n'kuukankhira kumbali ndi nsonga ya pamene panali chala chachikulu, wotsatira n'kubwera pamalopo. Sankayang'anapo. Chikhathocho sichimva bwino, choncho amawerenga ndi khungu la pabondo, chitenje atachikwinya pang'ono.

Anandiuza kuti anafika kuno ali mnyamata, ndipo zaka zoyamba sankalowa m'tchalitchi ngakhale belu lilire chotani. Anali wokwiya. Ankafunsa kuti Mulungu wa mtundu wanji amasiya mwana kudyera pambale yayekha mayi ake akuonerera patali. Chimene chinawatembenuza sichinali ulaliki. Anati anali sisiteri wina amene ankawatsuka zilonda m'mawa uliwonse, iwo akumunyoza, iye n'kubweranso mawa lake ndi beseni lomwelo. "Mwana wanga, ndinatopa ndine," anatero agogowo. Pambuyo pake anaphunzira katekisimu, anabatizidwa, ndipo kwa zaka zambiri ankatsogolera mapemphero a m'mudzi maso asanayambe kuchita nkhungu.

Sananene kuti mafunso aja anatha. Mkazi wawo anamwalira, mwana wawo wamwamuna ali ku Joni ndipo amaimba foni mwa apo ndi apo, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa khitchini, kenako ng'amba ya 2024 inapsereza chimanga chisanamasule. Chaka chimenecho boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Agogowo amazikamba zonsezi mosabisa, ndipo masiku ena, anatero, kolona imangokhala pabondo osayenda. Ine ndimakhulupirira munthu wolankhula chonchi kuposa amene amalonjeza pa chimkuzamawu kuti ukangopemphera mavuto onse atha Lachisanu. Kwa munthu amene zala zake sizidzameranso, lonjezo lotero ndi chipongwe.

Khate lenilenilo lero limachizika. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12 malinga ndi mtundu wa nthendayo, ndipo munthu akayamba kumwa sapatsiranso anzake. Malawi anafika mu 1994 pa mlingo umene bungwe la WHO limati nthendayi siilinso vuto lalikulu la dziko, koma sikuti inatheratu. Ku Balaka ndi ku Machinga odwala atsopano amapezekabe, ndipo ena amafika kuchipatala mochedwa, mitsempha itafa kale, chifukwa cha manyazi omwe aja a makolo athu. Agogowo anati akamva za munthu wa mawanga okayikitsa amatuma mdzukulu kukamuitana, n'kumuonetsa manja awo kuti aone chimene kuchedwa kumachita.

Dzuwa litapendeka, mdzukuluyo anandiperekeza ku msonkhano wa mphakati. Timagulu ta akhristu oyandikana nyumba timeneti tinazika mizu maepiskopi a chigawo chino cha Afirika atagwirizana za ito mu 1973, ndipo kumudzi ndi timene timanyamula mpingo pakati pa Lamulungu ndi Lamulungu. Anakumana pansi pa mtengo wa mango, amayi pamphasa, abambo ochepa pa benchi. Kutali kunkamveka kuitana kwa kumzikiti. Mtsikana wa sekondale anawerenga Mthenga Wabwino wa Lamulungu likudzalo, nkhuku zikupalasa pafupi ndi mapazi ake, ndipo aliyense ananena mawu amene amukhudza. Ena anatalikitsa. Ine thukuta linali litaumira m'malaya, ndipo nyerere zinandipeza pa benchi paja.

Kenako anatulutsa mbale ya pulasitiki ndi kope la masamu lopindika m'makona. Chopereka chinakwana K6,300, ndi mbale ziwiri za ufa. Apa ndiye panabuka mkangano weniweni. Mlembi anakumbutsa kuti mphakati wawo watsalira pa mtulo wa ku parishi ndipo dzina lawo lidzatchulidwa kutsogolo. Mayi wina anati pali mayi wamasiye kumapeto kwa mudzi amene denga lake silifika Disembala, mvula yoyamba ikangogwa agona m'madzi. Bambo wina anati mayiyo anasiya kupemphera chaka chatha. Wachikulire wa gululo anamuyang'ana n'kumufunsa kuti: "Achimwene, kodi mvula imafunsa zimenezo?"

Panakhala kung'ung'udza, ndipo mlembi sanakondwe. Pomaliza anagwirizana kuti ufa upite kwa mayiyo madzulo omwewo, K4,000 igule pepala la pulasitiki lofolerera, yotsalayo isungidwe ku mtulo, ndipo wapampando akapepese yekha kwa bambo mfumu. Udzu aliyense abweretse mtolo umodzi. Abambo atatu anauzidwa kuti Loweruka afike ndi nsungwi ndi luzi tambala asanatsike, ndipo bambo wodandaula uja analembedwa woyamba m'kope.