Tiwerenge Citini Tisanagule

Amayi ena a m'kalasi mwathu kuno ku Chifunde anagulira mdzukulu wao citini ca zinanazi pa kantini. Cinali cotupa. Tinawerenga pamodzi manambala a pansi pace. Tsiku lace linali litapita kale. Amayiwo anakabweza, mwana sanadye.

Citini cotupa, cadzimbiri kapena codontha cingabise tizilombo takupha. Cakudya coonongeka si maseŵera. Tikumbuka Chitima: mu 2015 anthu 75 anafa atamwa moŵa wa ufa woonongeka.

Lamulo la 2009 liteteza wogula. A boma amayendera masitolo ndi kulanda katundu woipa. Koma sangafike m'mudzi uliwonse tsiku ndi tsiku.

Anzathu, tiphunzire kuwerenga. Tikaona tsiku lapita, tikane kugula, tikanene ku boma.