Mfiti za Magitala

Kuno ku Kalikiliki liu lakuti "mfiti" si loseweletsa. Nkhalamba ikangolozedwa cala, anthu amaleka kugula tomato pa kantemba kake, ana amalambalala khomo lake, ndipo nthawi zina miyala imagwa pa malata usiku. Ndiye ganizani anyamata a ku Kitwe amene kuciyambi kwa ma 1970 analola kuti bandi yao izichedwa WITCH, kutanthauza mfiti m'Cingelezi. Pambuyo pake cilembo ciliconse anacipatsa liu lake: We Intend To Cause Havoc. Ife tinganene kuti "tabwela kudzasokoneza". Papita zaka zoposa 50, bandiyo ikali kuimba, koma acinyamata ambili m'komboni muno sadziwa n'komwe kuti ilipo.

Ndili ndi mnzanga wokonza mafoni ku Mtendere amene amakonda nyimbo zolemela za magitala, makamaka za Dream Theater, bandi ya ku America imene inayamba mu 1985. Nyimbo zao zina zimapitilila mphindi 20, zimasintha mayendedwe kangapo pakati, ndipo kuvina kwake n'kugwedeza mutu cabe. Mnzangayo amadziwa mbili yao yonse, kuti woimba ng'oma Mike Portnoy anacoka mu 2010 n'kubwelela mu 2023, ndipo amaifotokoza monga nkhani ya pabanja pao. Amati kuno kwathu kulibe bandi ya magitala imene inakhalitsa conco. Ine ndimati ilipo, ndipo ndi yakale kuposa yakeyo. Kunena zoona, WITCH siimba metal, ndipo oimba metal enieni angandiseke. Koma gitala yolila mokalipa ngati njuci zatsekeledwa m'cigubu, nyimbo yoyamba kwina n'kukathela kwina, zonsezo ku Kitwe anali nazo anyamata a Dream Theater akali ku pulaimale.

Woimba patsogolo anali Emmanuel Chanda, wokulila ku Chamboli, komboni ya migodi. Anthu anam'patsa dzina la Mick Jagger wa Rolling Stones cifukwa ca kudumpha kwake pa siteji, ndipo dzinalo linasanduka Jagari. Anzake anali Chris Mbewe ndi John Muma pa magitala, Gedeon Mulenga pa besi, ndi Boidi Sinkala pa ng'oma. Nthawi imeneyo mkuwa unali ndi mtengo, ogwila nchito m'migodi anali ndi ndalama m'thumba pakutha kwa mwezi, ndipo anali kufuna kovina. Lekodi yao yoyamba, Introduction, anakaidinditsa ku Nairobi n'kumaigulitsa okha kumene anali kuimba. Mu 1975 anatulutsa Lazy Bones!!, imene kwa ine ndiyo mutu wa zonse, ndipo mu 1976 Lukombo Vibes, m'mene ng'oma za kumudzi ziyamba kumveka pansi pa magitala. A Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Iwo mwina anali kuganiza za nyimbo za makolo, koma amene anapindula ndi anyamata a mathalauzi otambalala kumiyendo ndi nsapato zazitali ngati njelwa: WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya, Ngozi Family. Nyimbo zimenezi n'zimene lelo zimachedwa Zamrock.

Zinthu zitatu zinaigwetsa, ndipo palibe cimene cinacokela m'nyimbo zenizenizo. Mtengo wa mkuwa unagwa capakati pa ma 1970, munthu n'kuyamba kusankha pakati pa lekodi ndi thumba la unga. Kenako nkhondo ya ku Rhodesia inalowa m'dziko. Mu October 1978 ndege za Ian Smith zinaphulitsa misasa ya omenyela ufulu wa Zimbabwe ku Chikumbi ndi ku Mkushi, ndipo kumeneko ku Mkushi kunafela Alick Nkhata, woimba amene dzina lake lili pa mseu umene timadutsa tsiku lililonse popita m'tauni kudzela ku Kalingalinga. Kunabwela lamulo loletsa kuyenda usiku, magetsi n'kumazimitsidwa. Bandi yodyela usiku ingacite ciani? Jagari anacoka nakhala mphunzitsi. Otsalawo anatenga Patrick Mwondela pa kiyibodi n'kutembenukila ku disko, anatulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984, kenako zii. Kalindula inatenga malo.

Cacitatu ndi cija makolo athu amachula motsitsa mau. A Kaunda anaulula poyela mu 1987 kuti mwana wao Masuzyo anafa ndi AIDS, koma m'makomboni anthu anapitiliza kunena kuti wakuti anam'lodza. Matendawa anakolola oimba a m'badwo umenewo monga cimanga. Pa amene anayambitsa WITCH, Jagari yekha ndiye anatsala, ndipo patapita nthawi anapezeka kuthengo, akukumba miyala ya mtengo wapatali ndi piki ndi fosholo.

Ine malekodi a WITCH ndinawaona ndi maso ndisanawamve ndi makutu. Amalume anabwela kudzakhala nafe nchito itawathela ku migodi, ndipo m'sutikesi yao, pansi pa jekete limodzi ndi mapepala a penshoni, munali malekodi asanu ndi limodzi. Galamafoni analibe, anaigulitsa kale kuti apeze ya basi. Pa Sondo masana anali kuwatulutsa, kuwapukuta ndi kansalu, kundionetsa zithunzi, n'kuyamba kuimba gitala ndi pakamwa, cala cikuyenda m'mwamba. "Iwe mwana," anali kutelo, "aba anyamata benze kulizisa gitala monga ilila maliro." Ndinali kuseka, cifukwa kwa ine anali cabe mdala wopanda nchito amene akucita phokoso ndi milomo.

Caka cina mwana wa mlongo wanga anadwaladwala, ndipo kunyumba kunabwela anthu a mapemphelo kudzafufuza cimene cinali kubweletsa tsoka. Anatsegula sutikesi ija. Mmodzi wodziwa Cingelezi anawelenga liu la pacikuto mokweza, ndipo nkhani inathela pomwepo. Ambuya anati, "Mwana wanga, vocosa ivi, tifuna mtendele pano." Amalume sanakangane nao, munthu wosungidwa sakweza mau. Malekodi anawaika pa mbaula kuseli kwa nyumba. Sayaka bwino, amapindika n'kusungunuka, ndipo fungo lake linakhala m'zovala zathu masiku atatu. Mwanayo anacila atalandila mankhwala a malungo ku kiliniki. Ambuya sindiwaimba mlandu. Anali ataika kale ana awili m'manda, ndipo munthu wotelo amaocha ciliconse cimene wauzidwa kuti aoche. Amalume anamwalila asanamvenso nyimbo zija.

N'cifukwa cake nkhani ya kuuka kwa WITCH imandikondweletsa ndi kundiwawa panthawi imodzi. Amene anaiutsa si ife. Kampani ya ku Los Angeles yochedwa Now-Again Records inasonkhanitsa nyimbo zao n'kuzitulutsanso mu 2012. Mtaliyana wina, Gio Arlotta, anabwela kudzafuna Jagari n'kupanga filimu ya moyo wake, imene inatuluka mu 2019. Jagari ndi Mwondela anayambanso kuimba pamodzi ndi acinyamata a ku Ulaya, monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Mu 2023, patapita zaka 39 cicokele Kuomboka, anatulutsa Zango, imene anajambulila muno mu Lusaka ku DB Studios, ndipo Sampa the Great anaimbamo nao. Mu 2025 kunabwela Sogolo. Lazy Bones!! ndinaimva koyamba pa YouTube, pa foni yosweka galasi, ndikuwelengela mabando, ndipo ndinazindikila gitala ija nthawi yomweyo cifukwa amalume anali kuiimba molondola ndi pakamwa, mpaka pamene imakhotela. Malekodi akale ngati amene anasungunuka pa mbaula yathu lelo amagulidwa ndi madola mazanamazana kunja.

Ena amati iyi si WITCH yeniyeni, ndi nkhalamba ziwili ndi azungu. Ine sindivomeleza. Mvelani Zango: mau a Jagari akalamba, sathamanganso monga kale, koma nthabwala ndi ukali zikalimo, ndipo acinyamatawo amam'tsatila iye, osati iye kutsatila iwo. Cimene cimandivuta n'cina. Mwana wa ku Amsterdam angaone WITCH pa siteji mosavuta kuposa mwana wa ku Chawama. Ngakhale Paul Ngozi, mwana wa Lusaka amene ali ndi mseu wake ku Kabwata, ambili a msinkhu wathu anamumva koyamba mu 2024, Tyler, the Creator atatenga cidutswa ca "Nizakupanga Ngozi" n'kuciika m'nyimbo yake "Noid". Tinayamba kutumizilana pa WhatsApp monyada kuti Cinyanja camveka ku America, ngati kuti sicinali kumveka ku Matero mu 1977.

Jagari mwiniwake ndi Mkhristu wobadwanso, ndipo amaimbabe pansi pa dzina lija. Kuno ku Kalikiliki nako, ukafuna gitala ya magetsi, ng'oma zathunthu ndi sipika yaikulu, uzipeza m'chalichi, cifukwa mabawa onse amaliza nyimbo za pa fulashi. Pa chalichi ina pafupi ndi kwathu pali kamnyamata ka zaka ngati 16 kamene kamaliza gitala pa mapemphelo. Anthu akatuluka, malaiti akakhala kuti alipo, kamatsala m'kati, kamapotokola kabatani ka sipika mpaka gitala iyambe kukalipa, n'kumayesa tinyimbo take tosatha bwino. Kamaliza conco mphindi khumi kapena kupitililako, mpaka mkulu wa mpingo abwele ndi makiyi.