Ntchito Yolondola Makolo ku Chigwa cha Shire

Ntchito yanga ndi yofufuza makolo a anthu. Ondituma kawirikawiri ndi ana akonkuno amene anakulira ku Blantyre kapena ku Joni, ena ali kutali ku Amereka. Amanditumizira dzina limodzi pa WhatsApp, mwina ndi la mudzi, basi. Zotsalazo ndimakazitola ndekha pa kabaza.

Ndisanafunse za dzinalo, ndimayamba ndadziwa ngati banjalo ndi la Asena kapena la Amang'anja. Kwa Asena mwana ndi wa kwa bambo, ndiye ukagwira mutupo umangotsata amuna mpaka kuwoloka malire kulowa ku Mutarara. Kwa Amang'anja mbumba imayenda ndi amayi. Mwamuna anali mkamwini, wobwera, ndipo kumufunafuna m'mudzi umene anakwatira n'kudzitopetsa chabe. Wosunga mbiri ndi mwinimbumba ndi agogo aakazi, ndipo amenewa suwafikira ndi kope m'manja. Umayamba walonjera kwa anyakwawa, wakhala pa mkeka, mwadandaulirana za mvula.

Nkhalamba sizitchula zaka. Zimakumbukira kuti agogo awo anawoloka ali kumsana pa nkhondo ya Makombe, ine n'kulemba 1917, pamene anthu a ku Barue anaukira Apwitikizi, ambiri n'kuthawira kuno. Amene anagwira ganyu pomanga mlatho wa Dona Ana ndimamuika 1935 isanafike, chifukwa mlathowo unatsegulidwa chaka chimenecho. Njala ya 1949 imandithandiza kuyala ana obadwa, awa isanadze, awa itapita. Wopita ku migodi ndi Wenela kawirikawiri ndimamuika 1974 isanathe, chaka chimene Kamuzu anaimitsa ulendowo ndege itagwa ku Francistown.

Mapepala ndimawafuna pambuyo. Mabuku a ubatizo a ku mishoni monga Chididi ndi a m'maparishi a Katolika amathandiza, koma munthu mmodzi amatha kukhala ndi mayina atatu: la paubwana, la paubatizo, ndi lina limene anadzipatsa pa ntchito. Ku National Archives ku Zomba kuli zolemba za atsamunda za nthawi imene Nsanje inkatchedwa Port Herald. Mmenemo muli mafumu, msonkho ndi thonje. Mlimi wa thonjelo sumupeza. Makalata ndi zithunzi za m'nyumba zambiri zinapita ndi madzi a 2015 ndi namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo midzi ina inasamukira kumtunda, manda n'kutsala kudimba.

Povuta penipeni ndi pa Amakololo. Ku Chikwawa ambiri ondituma amabwera atatsimikiza kale kuti ndi zidzukulu za anthu aja anadza ndi David Livingstone n'kusanduka mafumu, a Kasisi, a Katunga, a Maseya, a Mlauli. Komatu anthuwo anali ochepa. Chimene chinadzaza midzi yawo ndi Amang'anja othawa njala ya 1862 ndi 1863 komanso ogwira akapolo, ndipo ana awo anayamba kudziwika ndi mudzi wa mfumu imene inawasunga. Ukalondola bwino, umapeza kuti kholo lija linali lopalasa bwato kapena lophika mchere, nthawi zina kapolo. Kwa ine mbiri ya munthu amene anapulumuka zaka zimenezo imakoma kuposa ya mfumu, koma wolipira samva choncho nthawi zonse.

Mawu akuti kapolo sindiwalemba pa foni. Kuno mzere wa makolo umakhudza munda ndi ufumu, ndipo pepala langa likhoza kukatulukira pa bwalo la mfumu. Choncho ndimayamba ndakhala pansi ndi wamkulu wa banjalo, iye n'kunena zoti zilembedwe ndi zoti zitsale pakamwa. M'kope lomwe ndimapereka, zochokera m'mabuku ndimalemba ndi bolopeni, zakumva ndi pensulo, ndipo pambali ndimaikapo mudzi umene ndinazimva.