Ku Chembe, Kumene Nsomba Amalipira Kungoziona

Kukamacha, gombe la Chembe ku Cape Maclear limakhala la asodzi. Mabwato akocheza ndi usipa wausiku, amayi akuuyala pa thandala, ena akukwecha mapoto m'mphepete mwa madzi. Alendo akadali mtulo.

Dzuwa litakwera, anyamata a maboti ayamba kuitanira: "Ku Thumbi, achimwene! Tiyeni mukaone mbuna!" M'manja anyamula magalasi a m'madzi, timapaipi topumira ndi nsapato zangati mapazi a bakha.

Ine ndine wa ku Phalombe. Nyanja yathu ndi Chilwa, ya matope, yoti ukalowa kufika m'mawondo mapazi suwaonanso, ndipo mu 1995 inauma. Nsomba timaidziwira m'mbale. Ndiye anyamatawo atandiuza mtengo wake, wongokaona nsomba osabwerako ndi ndiwo, ndinaseka. Komabe ndinakwera boti.

Pafupi ndi chilumba cha Thumbi mnyamata anandimangirira galasi kumaso. "Madala, muzipumira kukamwa. Mphuno muiiwale." Ndinaiwala malangizowo m'malo mwa mphuno, ndipo ndinamwa madzi okwana kapu. Kachiwiri zinatheka. Pansi pali miyala ikuluikulu, ndipo mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere zikubudula ndere pamiyalapo. Ina inadzandiyang'ana pagalasi penipeni, yopanda ndi mantha omwe. Zilibe chifukwa choopera: malowa ali m'paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndipo kusodza pafupi ndi zilumbazi n'koletsedwa. Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi tiana take m'kamwa. 

Kunsi kwathu kunkadutsa anthu atatu atabereka masilinda a mpweya, thovu likukwera ngati mphika wowira. Amenewo amayamba aphunzira kaye masiku angapo. Zanga zinali za pamwamba.

Masana mwera unayamba, boti likuvina pobwerera. Woyendetsa anaimba likhweru n'kuponya kansomba m'madzi, nkhwazi inatsika mumtengo n'kukawakha alendo akujambula.

Madzulo ana a m'mudzimo amadumphira m'madzi opanda galasi, maso ali pululu. Alendo akhala pamchenga kudikira dzuwa lilowe. Kuseri kwawo asodzi akukonza nyali ndi chilimila, ndipo mdima utangogwa, magetsi awo anandandalika pakati pa nyanja ngati mudzi wina.